Diso Lofiira la pa Kwale

Ndinafika pa kwale ya ku Lirangwe Lachiwiri cha m'ma fili koloko masana, ndipo ndinapeza mlandu atauweruza kale. Thupi la Thomson Mangani anali atalitulutsa m'chigayo cha miyala n'kulifunditsa tenti ya buluu. Womupha nayenso anali atamupeza, atamukhoma mpaka diso limodzi kutsekeka, n'kumutsekera m'kontena ya zipangizo. Mwa kuona kwawo, ntchito yanga inali yongobwera ndi galimoto kudzanyamula.

Ine ndine Tinenenji Mpulula. Ndafufuza milandu kupolisi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo palibe chimene chimandinyansa ngati mlandu umene anthu makumi atatu akunena mawu amodzimodzi. Ngozi ya minibasi yokha, anthu asanu amaifotokoza mosiyana kasanu.

Amene anandilandira anali kapitawo wa pamalopo, a Zakeyo Namate, bambo wamfupi wa mawu othamanga, fumbi litamuyeretsa nsidze ndi ndevu zomwe.

"Madamu, nkhaniyi ndi yachidule. Magetsi anazima cha m'ma wani. Chimwala china chinali chitakakamira pakamwa pa chigayo, ndiye Thomson anatsikamo ndi chitsulo kukachisuntha. Magetsi atabwera, Hakimu anadina batani. Basi."

"Hakimu ndiye ndani?"

"Woyendetsa makina. Amakhala m'kanyumba ako."

Ndinayang'ana kanyumbako. Pakati pa iko ndi chigayo panali mulu wa miyala wotalika kuposa denga la tchalitchi. Munthu wokhala m'menemo sakanatha kuona amene watsika.

"Ndiye imeneyo ndi ngozi, bambo. Mwamumenyeranji?"

"Ayi, madamu. Tabwerani muone diso."

Ananditengera pa kamlatho ka zitsulo kopita pakamwa pa chigayo. Mbali ina panali mzati, ndipo pamwamba pake, m'kakhola ka waya, munali kabokosi kachikasu kakang'ono ngati sopo wochapira. Kankatulutsa kuwala kofiira, kowongoka ngati ulusi, kodutsa kamlathoko mpaka pa kagalasi kamene kanali pafupi ndi makwerero otsikira m'chigayo.

"Eni ake akuti sensa ya leza. Ife timangoti diso. Kuwalaku kumachoka apa, kukagunda kagalasi ako, n'kubwerera. Chinthu chikatchinga pakati, chigayo chimaima pompo, ndipo ngakhale mudine batani mpaka chala kuthyoka sichilira. Ndiye lamulo lathu n'lakuti wotsika m'chigayo amapachika chipewa chake pa kagalasipo."

"Lamulo la kampani?"

A Zakeyo anakanda m'khosi. "La kampani limati tizikhoma loko pa swichi. Koma kiyi wa lokoyo amasunga bwana, ndipo bwanayo amakhala m'tauni."

"Alipo anamuona Thomson akupachika chipewa?"

"Ine ndemwe, ndi maso angawa. Mnyamata uja sankaiwala. Anali mkulu wa kwaya, wa mwambo mpaka kutopetsa."

"Chipewa tachipeza pansi, apo!" Mawu amenewo anachokera kumbuyo kwanga. Anali bambo wamtali, maso ali psu. "Ndine Malizani, mkulu wake wa malemu. Chipewa sichiyenda chokha, madamu. Anachichotsa ndi uja. Mwezi watha anatukwanizana chifukwa mbuzi zake zinadya nandolo wa mng'ono wanga, ndipo anthu anamumva akunena kuti adzaona. Waona ndithu!"

Anzake onse anavomereza ndi mkokomo. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi. Amene anatulutsa thupi ankadziwika, chifukwa magazi anali atawafika m'zigongono. Malaya a Malizani anali ndi fumbi lokha. Sindinachitenge kukhala chachikulu. Alipo anthu amene sangathe kugwira thupi la mbale wawo, ndipo ine ndine mmodzi wa iwo.

Titatsegula kontena kuti titulutse Hakimu, mwala woyamba unagunda chitseko cha galimoto yathu.

* * *

Hakimu Mdala anali wa zaka makumi anayi ndi kanthu, wowonda, wolankhula motsitsa. Ndinamupatsa madzi kupolisi, iye n'kuyamba wasukusula diso lotupalo asanamwe.

"Batani ndinadina ndine, sindikana. Wallahi, ndinadina ndine."

"Osayang'ana ngati muli munthu?"

"Ndimadina tsiku lililonse osayang'ana, madamu. Ntchito yoyang'ana ndi ya diso. Mukakhala munthu, chigayo chimakana, ine ndimadikira. Zaka ziwiri takhala tikutero."

"Magetsi atazima munatuluka m'kanyumba muja?"

"Ndinatuluka. Inali nthawi yoswali, ndinapita kuseri kwa thanki ya madzi."

"Anakuonani ndani?"

"Mulungu yekha."

"Ameneyo khoti silimuitana, bambo Mdala. Nanga za mbuzi?"

Anaweramitsa mutu. "Tinayankhulana zoipa, inde. Ndinati adzaona, ndikutanthauza kuti ndikamusumira. Koma nandolo ndinabweza, ndowa ziwiri. Munthu ungamugaye ngati mwala chifukwa cha nandolo?"

Ine ndinaonapo munthu ataphedwa chifukwa cha nkhuku. Ndinatseka kabuku kanga. Ndikuimirira, iye anawonjezera ngati akudziyankhulira yekha.

"Chodabwitsa n'chakuti lero chigayo sichinavute."

"Chimavuta bwanji?"

"Mwezi uno wa Okotobala fumbi limachuluka. Likadutsa lambiri, diso limayesa ndi munthu, chigayo n'kuima. Patsiku chimaima mwina ka makumi anayi. Koma lero, kuyambira cha m'ma naini m'mawa, sichinaime n'kamodzi komwe. Ine ndimangoti Mulungu watikomera mtima."

Ndinakhalanso pansi n'kutsegula kabuku kaja.

* * *

Lachitatu m'mawa ndinapeza mayi atakhala pansi pakhomo pa ofesi yanga, mwana kumsana. Anali Asiyatu, mkazi wa Hakimu. Anagwada ndisanamuuze kuti alowe.

"Anyamata abwera kunyumba, amayi. Akuti akakangoika maliro mawa, abwera ndi petulo. Akuti tisamuke."

"Ndiye samukani kaye, mupite kwa abale masiku awiri."

"Apongozi anga anafa ziwalo, sayenda. Ana ndi anayi. Ndapempha ngolo m'mudzi monse, aliyense akuti ng'ombe zadwala."

Ndinkawadziwa anyamata a mtundu umenewo. Pamaliro amamwa, akachoka kumanda mitima imakhala ili m'mwamba, ndipo apolisi atatu amene ndikanatha kupita nawo sakanaimitsa anthu zana. Ndinachita mantha, ndinene zoona. Nthawi imene ndinali nayo inali yochokera pamenepo mpaka bokosi litatsikira m'manda.

Pa kabokosi kachikasu kaja panali pomata nambala ya foni ya amene anakaika. Ndinamupeza ku Chileka, m'nyumba yosungiramo soya kufupi ndi msewu wa ku bwalo la ndege, atakwera pamwamba pa lamba wonyamula matumba. Anali mtsikana wa ovolosi ya buluu ndi nsapato za zitsulo, dzina lake Princess Chilombo, ndipo ankayankhula ngati akuthamangira basi.

"Za ku Lirangwe ndamva, madamu, zandikhudza heve. Koma sensa ija ndinaika ndekha, siingalole makina kulira munthu ali mkati. Never."

"Zinthu zimawonongeka, chemwali."

"Ikawonongeka imaimitsa makina, ndi mmene anaipangira. Onani, zaka zisanu zapitazo ndinkaika titatu pachaka, anthu ankati ndikugulitsa zidole. Sabata ino yokha ndaika khumi ndi tiwiri. A zakumwa akufuna towerenga mabotolo, a simenti akufuna toyeza mmene nkhokwe yadzazira, a matabwa toyeza makulidwe, kuno akufuna towerenga matumba. Kontena isanafike kuchokera kunja timakhala tagulitsa kale. Pa tonseto palibe kanapha munthu. Chimene mabwanawa safuna kugula n'chimodzi: tsiku loti ndikhale pansi ndi antchito n'kuwaphunzitsa."

"Kabokosi kaja kamakumbukira zimene kaona?"

Anandiyang'ana, kenaka anatsika pa lamba paja osagwira makwerero. "Kali ndi batire yakeyake. Ngakhale magetsi azime kamalemba. Galimoto muli nayo?"

Pa kwale panali zii, chigayo chili chete, antchito onse ali kusiwa. Princess analumikiza laputopu yake ku bokosi la pansi pa mzati, ndipo manambala anayamba kutsika. Mzere uliwonse unali nthawi imene china chake chinatchinga kuwala. Lolemba inalipo mizere makumi anayi ndi itatu. Lachiwiri inayamba bwinobwino, 7:05, 7:22, 7:31, mpaka 9:12.

"Kenaka palibe," anatero Princess, mawu atatsika. "Kuyambira 9:12 mpaka 1:47, diso likuti njira ndi yoyera. Fumbi ayi, mbalame ayi, munthu ayi."

"Thomson anadutsa pamenepa cha m'ma 1:20. Anapachika chipewa, kapitawo akuona."

"Sizikuoneka. Makina analira 1:41, anawazimitsa 1:43. Ndiye pa 1:47 kuwala kwatchingidwa masekondi makumi awiri, kenaka kwayeranso."

"Tandiuzani m'Chichewa."

"Winawake analitseka maso m'mawa, n'kudzalitsegula munthu atafa kale. Atalitsegula, kuwala kunakagunda chipewa chimene chinali chikadali pa kagalasi. Masekondi makumi awiriwo ndi amene anayenda kuchoka apa kukachigwetsa."

Ndinayang'ana kagalasi kaja. Chipewa chinali pamalo pake pamene Hakimu ankadina batani.

"Diso limatsekedwa bwanji osaimitsa makina?"

"Ilo limangofuna kuti kuwala kwake kubwerere, silifunsa kuti kwabwerera kuchokera kuti. Mukaika chobweza kuwala pamphuno pake penipeni, lizingosangalala, kaya kutsogoloko kudutse njovu. Lifulekita iliyonse ikhoza. Ngakhale ya njinga."

Anakwera mzati uja, n'kusuzumira pa kakhola ka waya, n'kundiitana ndi dzanja. Pa waya panali mfundo ya kampira kakuda ka chubu, kotalika ngati chala. Womanga anamanga zolimba, ndipo pochotsa analibe nthawi yomasula. Anangodula mopingasa n'kusiya mfundoyo.

* * *

Njinga za antchito zinkakhala pansi pa mtengo wa mango pa geti, ndipo woziyang'anira, mosalembedwa ntchito ndi aliyense, anali mayi Mildred, wogulitsa zitumbuwa ndi thobwa. Tsikulo analibe kasitomala, koma anabwerabe. Atangoona kuti ndikulunjika kwa iwo anayamba kupukuta ndowa imene inali yoyera kale.

"Ine, amayi, sindiona kanthu. Ndimangogulitsa. Maso anga amakhala pa chenje."

"Ndipatseni zitumbuwa ziwiri. Njinga zimene zimakhala pano mumazidziwa?"

"Iii, zimenezo ndiye ngati ana anga. Ya a Yobu yopanda mabuleki, ya a kapitawo ya belu losalira, ya malemu yoyera ngati ya abusa. Koma za dzulo musandifunse, ine ndinali kuno."

"Sindikufunsa za kuchigayo. Alipo anabwera pa njinga yake ntchito ili mkati?"

Anasiya kupukuta. Anayang'ana kumsewu, kumene matipa onyamula miyala ankadutsa kupita ku Zalewa, n'kuyang'ananso ine.

"Mpeni wangawu anabwereka munthu. Cha m'ma naini. Anati akufuna kudula kampira."

"Anabweza nthawi yanji?"

"Ndi pamenepo. Sanabweze mpaka zitachitika zija. Anthu onse akulira uko, iwo anabwera kuno, thukuta kamukamu, n'kundiponyera mpeni m'dengu. Kenaka anakhala pansi apo n'kumamangirira lifulekita kumbuyo kwa njinga. Anamanga mpaka kumaliza. Ine mumtima ndinati, munthu mng'ono wake wangofa kumene, iye akukonza njinga? Koma nanga chisoni si chimabwera mosiyanasiyana."

"Mng'ono wake?"

Mayi Mildred anagwira pakamwa. "Ine sindinatchule dzina, amayi. Mwatchula ndinu."

Sindinatchule, koma sindinawatsutse. Pobwerera ndinkaganiza za lifulekita ija. Munthu wakupha mwadala akanaiponya m'chigayo momwemo, kapena m'chimbudzi. Koma wa kuno sataya chinthu chogwira ntchito, makamaka amene amapalasa njinga m'mphepete mwa msewu wa matipa tsiku ndi tsiku. Manja anachita zimene anazolowera mutu usanaganize.

* * *

Maliro anali Lachinayi, m'mudzi wina kwa Chigaru. Tinafika cha m'ma leveni, ine ndi Sajeni Gracian Bwanali, mkulu wa imvi amene watsala miyezi isanu kuti apume, ndi apolisi ena awiri amene tinawasiya m'galimoto. Kwaya ya Thomson inkaimba pakhomo pa siwa, malo ake pamzere wa kutsogolo atawasiya opanda munthu. Sajeni anazungulira pang'ono n'kubwera kudzandinong'oneza.

"Kuseri kwa nsungwi uko kuli anyamata oposa makumi atatu. Zigubu ziwiri. Si za thobwa."

Njinga ya Malizani inali itatsamira khola la mbuzi. Lifulekita yake yofiira inali yomangidwa ku keliyala ndi kampira ka chubu. Ndinatulutsa kamfundo kaja m'thumba la pulasitiki n'kugundanitsa nsonga zake ndi za kampirako. Modulidwa munalowana ngati mbale yosweka.

Mwambo wa kwathu kuno ngwodziwika. Bokosi lisananyamuke, wa kubanja amaimirira n'kuuza anthu mmene imfa yayendera. Bambo awo a anyamatawa anamwalira kale, malume awo ali ku Joni, ndiye woyankhulira banja anali Malizani. Zimene akananena pamenepo ndi zimene anyamata a kunsungwi ankadikira.

Ndinatuma Sajeni kuti akamuitane. Anabwera kuseri kwa khola atavala jekete yakuda yomukulira, kapepala m'manja.

"Pepani ndi zovutazi, bambo Mangani. Mwalemba chiyani pa kapepalapo?"

"Zoona zokhazokha. Kuti mng'ono wanga waphedwa."

Ndinangotambasula dzanja, kamfundo kaja kali pachikhatho, n'kuloza njinga ndi maso. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakhala pansi pa ndowe za mbuzi ndi jekete yobwerekayo.

"Diso limalemba nthawi," ndinatero. "Munalitseka 9:12. Munalitsegula 1:47, anzanu ali kalikiliki kutulutsa thupi. Chipewa munagwetsa ndinu."

"Sindinafune, madamu." Anayang'ana pansi. "Mulungu akudziwa. Bwana anati gulu limene silidzaza matipa khumi ndi awiri patsiku alichotsa ntchito mwezi ukatha. Ife timadzaza asanu ndi atatu chifukwa cha diso lija, kuima, kuima, kuima. Dalaivala wina anandiuza za lifulekita. Ndinati ndiyese tsiku limodzi, ndichotsa masana."

"Bwanji simunamuuze Thomson?"

"Akanakanena kwa kapitawo. Simumudziwa uja, sankabisa kanthu. Ndinati ndisamuuze aliyense." Anapukuta mamina ndi mkono wa jekete. "Magetsi atazima ndinali pamwamba pa phiri, kokumba. Ndinagona pamthunzi. Ndinadzidzimuka ndi kulira kwa chigayo, kenaka kukuwa. Ndikuthamanga ndinkadziwa kale."

"Nanga Hakimu?"

"Anthu anayamba okha kumutchula. Ine ndinangokhala chete, kenaka ndinapezeka ndikukuwa nawo. Ndikanati chiyani kwa amayi? Kwa alamu anga a Caroline, amene ali ndi pakati?"

Ndinamumvera chisoni, ndipo ndinakwiya chifukwa chomumvera chisoni. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, amatero, koma kwa Hakimu kunali gogo wosayenda ndi ana anayi.

"Tamverani. Ndikhoza kukumangani pompano n'kukutulutsirani kuseri kuno. Anyamata aja anena kuti apolisi adya za Hakimu, ndipo nyumba ija ipsa dzuwa lisanapendeke, mwina ndi anthu momwemo. Ine akandimva sakhulupirira. Akhulupirira inu. Ndiye sankhani chimene mukanene, chifukwa akukuitanani."

Kutsogolo, mkulu wa mpingo anali atanena kale kachiwiri kuti tsopano timve kuchokera kubanja.

Malizani anadzuka. Sindinkadziwa chimene akachite, ndipo Sajeni anandiyang'ana ngati ndapenga. Munthuyo anayenda pakati pa amayi okhala pansi mpaka pafupi ndi bokosi. Anatambasula kapepala kaja, n'kukapindanso. Anyamata a kunsungwi anali atasendera kufupi, ataima kumbuyo kwa azibambo.

"Mafumu, abusa, anamfedwa anzanga, ndi nonse mwabwera kudzatikhuza," anayamba, mawu ali bwinobwino. "Ndaimirira kuti ndinene mmene mng'ono wanga Thomson watisiyira. Lachiwiri anatsika m'chigayo. Chipewa anapachika, monga amachitira masiku onse. Sanalakwitse kanthu."

Mwana wina analira, mayi ake n'kumutseka pakamwa ndi bere.

"A Hakimu sanachotse chipewa. Ndinachotsa ndine, iye atafa kale. Diso ndinalitseka ndine m'mawa, ndi lifulekita ya njinga yanga, kuti chigayo chisamaime. Sindinamuuze. Mng'ono wanga ndamupha ndine."

Kenaka Caroline, mkazi wa malemu, anakuwa kamodzi n'kugwa chagada m'manja mwa azimayi, ndipo bwalo lonse linaphulika. Anyamata aja anakankha azibambo n'kuyamba kubwera, omwewo amene Lachiwiri ankamugwira Malizani paphewa. Tinathamanga ine ndi Sajeni. Sajeni anamuveka unyolo pamaso pa onse, chifukwa nthawi zina unyolo ndi umene umapulumutsa munthu, ndipo ine ndinaima kutsogolo kwake n'kukuwa kuti ameneyu tsopano ali m'manja mwa boma. Chibuma china chinandipeza paphewa.

Amene anawaimitsa sindine. Anali aNachisale, mayi wa awiriwo, kamayi kakang'ono kamene kanali katakhala kumutu kwa bokosi chiyambire m'mawa. Anadzuka mothandizidwa, n'kuyenda mpaka pamene tinaima. Anthu anapatuka okha.

"Wina asamukhudze," anatero, osakweza mawu. "Magazi a m'mimba mwanga akwana amene atayika." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Inu a boma, musapite naye. Ayambe wakaika mng'ono wake."

Malamulo sanena zimenezo, koma ndinavomera. Tili m'njira yopita kumanda ndinaimba foni kupolisi kuti Hakimu amutulutse m'chitokosi, amupatse tiyi, ndipo wina akauze Asiyatu kuti asamangenso katundu. Anyamata aja anatsatira bokosi chakumbuyo, mitu ili pansi, aliyense akupewa maso a mnzake.

Kumanda, abusa atanena za dothi kubwerera kudothi, mdzukulu anatambasula fosholo kwa abale mmodzimmodzi. Atafika pa Malizani anazengereza, n'kuyang'ana mayi aja. Iwo anagwedeza mutu kuti inde. Malizani anatapa dothi ndi manja onse awiri, popeza unyolo sukanalola dzanja limodzi, n'kuliponya. Linagunda bokosi, iye n'kugwada pomwepo, ndipo panafunika Sajeni ndi adzukulu awiri kuti amudzutse.

ANachisale sanamuyang'ane nthawi yonseyo. Sanamuyang'anenso pamene tinkamukweza m'galimoto. Koma nditatsegula chitseko chakutsogolo ndinamva wina akundikoka malaya, ndipo anali iwo, chitenje chili chodzaza dothi la kumanda.

"Mwana wanga," anatero, "uyu ndadziwa pamene wagona. Winayo mukukamusunga kuti? Mundiuze bwinobwino pokwerera minibasi, ndizimupititsira chakudya."